Kufunsa njira m'Chingerezi: mafunso ndi mayankho kwa wopita kutawuni yachilendo

Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya pulayimale amatha kunena kuti “Where is the hospital?” Mavuto amayamba wofunsidwayo akatsegula pakamwa. Amakhuthula mawu makumi awiri mpweya umodzi, dzanja likuloza uku ndi uko, ndipo wofunsa uja amathokoza n'kunyamuka asanatolepo kanthu. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera amene akukonzekera ulendo wa ku Joni, ku Lusaka kapena ku UK, komanso akabaza, alonda ndi ogwira ntchito m'malo ogona alendo, amene amafunsidwa njira tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe kuloweza mawu ati?

Yambani ndi mawu amene mudzamve, osati amene mudzanene. Funso ndi lanu, mukhoza kulikonza muli m'basi n'kulibwereza chamumtima mpaka litakhazikika. Yankho ndi la mwini wake, ndipo sadzakudikirani. Mwayi wake ndi wakuti yankho lililonse la njira, kaya ku Chipata kaya ku Glasgow, limamangidwa ndi timawu tomwetomweto.

“Left” ndi kumanzere, “right” ndi kumanja. “Straight on” kapena “straight ahead” ndi kupita osakhota. “Turn” ndi kukhota, “cross” ndi kuwoloka msewu kapena mlatho. “Go past” ndi kupitirira chinthu, kuchisiya m'mbuyo. “Next to” ndi moyandikana, “opposite” ndi moyang'anizana, “behind” ndi kuseri, “between” ndi pakati pa zinthu ziwiri. Onjezanipo “first”, “second” ndi “third”, chifukwa anthu sanena dzina la msewu kawirikawiri, amangoti “take the second left”, kutanthauza kuti msewu woyamba wa kumanzere muusiye, mulowe wachiwiri.

Mayina a malo asakudyereni nthawi. Ambiri muli nawo kale m'kamwa: banki, polisi, positi ofesi, hotelo, siteshoni, sukulu, tchalitchi, khoti. Ntchito yanu ndi kudula kamchira kamene Chichewa chinaika kumapeto, kuti “bank” athere pa k ndipo “court” athere pa t. Otsala ndi ochepa. Chipatala ndi “hospital”, chaching'ono ndi “clinic” kapena “health centre”. Msika ndi “market”, mlatho “bridge”, mphambano “junction” kapena “crossroads”, mzikiti “mosque”, manda “cemetery”, ndende “prison”, bwalo la ndege “airport”. Ofesi ya kazembe ili ndi mayina awiri: “high commission” ngati mayiko onse awiri ali mu Commonwealth, “embassy” ngati sizili choncho. N'chifukwa chake ofesi ya Malawi ku London ndi ku Pretoria ndi “high commission”, pomwe ya ku Washington ndi “embassy”.

Ndifunse bwanji kuti ndisaoneke wamwano?

Kwathu kuno munthu sangogwera mnzake ndi funso. Umayamba wati “Zikomo bambo, muli bwanji?”, n'kudikira yankho, kenako “Ndimati ndifunse nawo.” Ku Lusaka, ku Harare ndi ku South Africa mwambo umenewu ulipo ndithu, ndipo “Hello, how are you?” amafewetsa mtima wa munthu amene mukufuna akuthandizeni. Ku London zinthu n'zina. Munthu wosamudziwa akakuimitsa pamsewu n'kuyamba kukufunsa za moyo, umaganiza kuti akufuna kukugulitsa kanthu kapena kukupempha ndalama, ndiye umawonjezera liwiro. Kumeneko ulemu wonse anaupakira m'mawu awiri, “Excuse me”, funso n'kutsatira pomwepo.

Mafunso atatu akukwanirani. “Excuse me, where is the bus station?” ndi pamene mukudziwa kuti malowo ali pafupi, mukungofuna akulozereni. “Excuse me, how do I get to the hospital?” ndi pamene mukufuna njira yonse, ngakhale basi yoti mukwere. “Excuse me, is there a pharmacy near here?” ndi pamene simukudziwa ngati chinthucho chilipo n'komwe. Pewani “I want the bank”, amamveka ngati lamulo; nenani “I'm looking for the bank.”

Pa katchulidwe ka munthu, “sir” ndi “madam” sakulakwitsani kulikonse. Ku South Africa mumva “mama”, “baba”, “sisi” ndi “bhuti”, ndipo n'zaulemu ngati momwe ife timanenera mayi, bambo, achemwali, achimwene. Ku UK musatchule mayi wosamudziwa “mother” kapena “auntie”, adabwa.

Ndimasokoneza “left” ndi “right”, komanso l ndi r. Mankhwala ake alipo?

Izi ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya lilime. M'Chichewa munthu anene “lero” kapena “relo”, tonse timva kuti akunena za tsiku lomweli. M'Chingerezi zilembo ziwirizi zimasiyanitsa mawu: “right” ndi kumanja koma “light” ndi nyali, “road” ndi msewu koma “load” ndi katundu. Ndiye taganizirani chiganizo chimene mudzachimve kosawerengeka, “Turn right at the lights.” Potchula l, nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba. Potchula r ya Chingerezi lilime limabwerera m'mbuyo osagunda paliponse. Yesererani pang'onopang'ono, koma musataye nazo tulo. Wokumverani akaona dzanja lanu likuloza, amva.

Yachiwiri ndi yokumbukira mbali. Tambasulani dzanja lamanzere kutsogolo kwanu, chikhatho chitayang'ana kumene mukupita. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zipanga chilembo L, cha “left”.

Pali msampha wina umene mabuku a sukulu satchula. “Right” amatanthauzanso “zoona”. Mukafunsa kuti “So I turn left?” mnzanu n'kuyankha kuti “Right”, mwina akungovomereza, sakukutumizani kumanja ayi. Lozani ndi dzanja n'kufunsa kuti “This way?” Chimodzimodzi “right there” ndi “right next to the bank”: mulibe kumanja m'menemo, ndi kutsindika chabe, ngati ife tikamati pomwepo.

“At”, “in”, “on” ndi “to” amandizunguza. Ndiwasiyanitse bwanji?

Muli ndi poyambira pabwino, chifukwa Chichewa chimasiyanitsa kale pamsika, kumsika ndi mumsika. Chovuta n'chakuti ku wathu amasenza ntchito zitatu yekha. Timati ndili kumsika, ndikupita kumsika, ndikuchokera kumsika, ku yemweyo. Chingerezi chimafuna mawu atatu: “I am at the market”, “I am going to the market”, “I am coming from the market”. Mu ndiye savuta, ndi “in”.

Pa za m'tawuni, gwirani izi. Mzinda ndi dera zimatenga “in”: “in Limbe”, “in Area 25”, “in Hillbrow”. Msewu, mbali ndi nsanjika zimatenga “on”: “on Victoria Avenue”, “on your left”, “on the second floor”. Malo amodzi oti n'kuimapo amatenga “at”: “at the roundabout”, “at the gate”, “at the traffic lights”. Mukalakwitsa timawu timeneti palibe amene asochere, angodziwa kuti Chingerezi si chanu chobadwa nacho, basi.

Amene amasocheretsa anthu ndi “opposite” ndi “in front of”. “In front of the bank” ndi pakhomo pa banki, mbali yomweyo ya msewu. “Opposite the bank” ndi kutsidya kwa msewu, moyang'anizana nayo. Anthu awiri opangana kukumana akhoza kudikirana ola lathunthu, wina tsidya lino wina tsidya linalo, mabasi akudutsa pakati pawo. Samalaninso ndi “up the road” ndi “down the road”. Ife tikati kumtunda timanenadi chitunda, koma Mngelezi amanena “just down the road” ngakhale pamsewu wathyathyathya. Tsatirani dzanja lake.

Ndafunsa, wandiyankha, koma sindinamve. Nditani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambirife tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uzigwedeza mutu n'kumati eya, ndipo kumubwereza mawu kumaoneka ngati kumututumutsa. Khalidwe limeneli pofunsa njira limapweteketsa. Wofotokozayo akaona mutu ukugwedezeka amaganiza kuti zikulowa, ndiye amathamangitsa mawu kwambiri.

Choyamba, muimitseni msanga, asanafike patali: “Sorry, could you say that again slowly?” Palibe amene amakwiya ndi pempho limeneli. Chachiwiri, bwerezani zimene mwamva, ndi pakamwa ndi dzanja lomwe: “So, straight on, past the church, then second left?” Ngati mwaphonya akukonzani pomwepo. Ndimaona kuti luso limeneli limaposa kuloweza mawu zana limodzi, chifukwa limasandutsa yankho la mwini wake kukhala lanu. Chachitatu, musasenze njira yonse. Gwirani zokhota ziwiri zoyamba, mukafika pamenepo mukafunsenso wina. Paja safunsa anadya phula, koma wofunsa kamodzi kokha n'kudalira mutu wake nayenso salikutali ndi phulalo.

Ngati mawu akanikiratu, tulutsani pepala: “Could you write it down, please?” kapena “Can you show me on the map?” Dzina la msewu lolembedwa mukhoza kulifananiza ndi chikwangwani, pomwe dzina longomva m'khutu limasungunuka musanafike pakona.

Kodi Chingerezi chimene timalankhula ku Malawi chimamveka kunja?

Chambiri chimamveka. Koma pali mawu angapo a pamsewu amene ndi athuathu, kapena a chigawo chino cha Africa, ndipo kwina amatanthauza zina.

Siteji ndi woyamba. Mukafunsa “Where is the stage?” ku Manchester akulozerani kumene kumachitikira zisudzo, nenani “bus stop”. Depoti nayo: kwa ife ndi kokwerera basi, ngati pa Wenela, koma ku UK “depot” ndi kumene mabasi amagona usiku, ndipo kokwerera ndi “bus station”, kapena “coach station” ngati ndi mabasi a maulendo ataliatali. Timakonda kunena kuti “branch to the left”, pomwe ena amati “turn left” kapena “turn off”. Timati “I will drop at Ginnery Corner”, pomwe kunja amati “I will get off”. Koma kuuza dalaivala kuti “Please drop me at the gate” n'kolondola kulikonse. Maloboti amamveka ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, koma mukadutsa nyanja ndi “traffic lights”. Boma amamveka ku Zambia, koma ku South Africa “boma” ndi kampanda kootherako moto kumalo a alendo, choncho nenani “district offices” kapena “town centre”. Resitihausi ndi “guest house”. Golosale ku UK ndi “corner shop”, ku South Africa ndi “spaza” kapena “tuck shop”.

Si kuti mawu athuwa ndi olakwika. Mukakhala mu Ndirande, siteji ndiye mawu oyenera, ndipo wonena “bus stop” ndi amene angaoneke mlendo.

Ndikupita ku Joni. Ndi mawu ati a kumeneko amene ndiyenera kudziwiratu?

Musanafike n'komwe, kumbukirani kuti basi ikadutsa pa Mwanza imalowa m'dziko la Mozambique, kumene amalankhula Chipwitikizi. Kuyambira pa Zobue, kudutsa Tete mpaka kukafika ku Nyamapanda, polowera ku Zimbabwe, Chingerezi sichithandiza kwenikweni. Kumanja ndi “direita”, kumanzere ndi “esquerda”, ndipo nthawi zambiri Chichewa chomwechi chimakupulumutsani kuposa Chingerezi. Mukawoloka pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, ndiye mwalowa mumsewu wa N1, wodutsa Musina, Polokwane ndi Pretoria.

Ku Johannesburg “taxi” ndi minibasi, ndipo kokwerera kwake ndi “taxi rank” kapena “rank” chabe. Mukafuna galimoto yanokha nenani “metered taxi”, kapena itanani Uber kaya Bolt. “Garage” ndi pomwetsera mafuta, osati kokonzera galimoto kokha, choncho “turn left at the garage” akunena filing'i siteshoni. Raundabauti ambiri amati “circle”. “Town” kapena “CBD” ndi pakati pa mzinda, kumene kuli Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima.

M'minibasi za kumeneko mulibe kondakitala woti azikuitanirani masiteji. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja kupita kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera chenji, choncho tsiku loyamba mpando umenewo uzembeni. Pofuna kutsika mumafuula nokha: “After robot!” ngati mukufuna kutsika mukangodutsa maloboti, “Short left!” kapena “Short right!” ngati mukutsikira pakamsewu kotsatira ka mbali imeneyo. Poimitsa minibasi amagwiritsa ntchito zala. Chala chimodzi choloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tawuni, choloza pansi ndiye kuti ulendo wanu ndi wa dera lomwelo. Zizindikiro za madera ena n'zambiri, funsani amene mukukhala nawo.

Mayina a misewu yambiri anasintha, koma pakamwa pa anthu sanasinthe. Bree Street pachikwangwani ndi Lilian Ngoyi Street, chonsecho aliyense amati akupita ku Bree. Ku Pretoria, Schoeman Street inasanduka Francis Baard Street. Mukapatsidwa adiresi, funsani ngati msewuwo uli ndi dzina lina. Ndipo wina akakuuzani kuti basi ibwera “just now”, pezani pokhala. “Now now” ndiye yachangu pang'ono.

Za woti mumufunse: mlonda wa payunifolomu, wothira mafuta pa garaji, kapena wogulitsa m'sitolo. Kuima pakati pa msewu wa m'tawuni foni ili m'manja, chikwama chili pamutu, maso ali mwazumwazu, n'kudziitanira akuba.

Nanga Chingerezi cha ku Britain ndi cha ku America chimasiyana pati pa nkhaniyi?

Ife tinatengera cha ku Britain, koma mafilimu ndi mafoni atidzaza cha ku America, ndiye timasakaniza osadziwa. Kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu ndi “pavement” ku Britain, “sidewalk” ku America. Pomwetsera mafuta ndi “petrol station” ndi “gas station”. Poimika galimoto ndi “car park” ndi “parking lot”. Chikepe ndi “lift” ndi “elevator”. Pakati pa tawuni ndi “town centre” kapena “city centre” ku Britain, “downtown” ku America, ndipo msewu wa masitolo ku Britain amautcha “high street”.

Ziwiri zimasocheretsa kwambiri. Ku Britain, ngati kwathu kuno, chipinda chapansi pa nyumba yosanja ndi “ground floor”, ndipo “first floor” ndi mukakwera masitepe kamodzi. Ku America “first floor” ndi pansi pomwepo. China ndi “subway”. Ku New York ndi sitima yapansi pa nthaka. Ku London chikwangwani cha “subway” chikutanthauza kanjira ka oyenda pansi kodutsa kunsi kwa msewu, ndipo sitimayo ndi “Underground” kapena “Tube”. Kuti zivute bwino, ku Glasgow sitima yawo yapansi amaitcha Subway.

Odwala adziwe izi: ku UK “surgery” si kochitira opaleshoni kokha, ndi dzinanso la kachipatala ka dokotala wa m'dera, amene amamutcha GP. Kwa odwala mwadzidzidzi, kumene ife timati ku kajuwote, ndi “A&E”. Kogula mankhwala ndi “chemist” kapena “pharmacy”.

Adiresi ya ku UK imayendera “postcode”, kagulu ka zilembo ndi manambala kamene kamakufikitsani pamsewu weniweniwo, musanyamuke musanakalembe. Zikwangwani za pamsewu zimawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Mayina ena satchulidwa momwe amalembedwera: Leicester amati Lesta, Reading amati Reding, Greenwich amati Grenich. Pokwera Tube mudzaona “northbound”, “southbound”, “eastbound” ndi “westbound”, kutanthauza yolowera kumpoto, kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo potulukira palembedwa “Way out”.

Ndifunse bwanji za kutalika kwa ulendo?

Musafunse kuti “Is it far?” Yankho lake n'chimodzimodzi ndi “ndi pompano” wa kumudzi, amene amatha kukuyendetsani mpaka dzuwa kupendeka. Funsani za nthawi: “How long does it take on foot?” kapena “How many minutes by bus?” Mudzamva “a five-minute walk”, “about ten minutes”, kapena “just round the corner”, kutanthauza pafupi zedi. “It's miles away” ndi kukuuzani kuti musayerekeze kuyenda pansi. Ku America amawerenga “blocks”. “Two blocks” ndiye kuti muyende mpaka pa mphambano yachiwiri.

Tcherani khutu pa manambala. “Thirteen” ndi “thirty”, “fifteen” ndi “fifty” amamveka ofanana pakakhala phokoso la magalimoto, ndipo basi nambala 13 ndi nambala 30 sizipita kumodzi. Funsani kuti “One three or three zero?” Amwenye, Azungu, aliyense amachita zimenezi, si za osaphunzira ayi. Mawu ena oti muwayeserere ndi “walk” ndi “work”, komanso “first” ndi “fast”, poti Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha ndipo khutu lathu limawaphatikiza.

Mlendo akandifunsa njira kuno kwathu, ndimuyankhe bwanji?

Vuto pano si Chingerezi chokha, ndi kalozedwe kathu. Timalozera ndi zinthu zimene mlendo sangazione: pamtengo wa mango, pamene panali chigayo, kuseri kwa nyumba ya a sing'anga. Timatchulanso mayina amene pachikwangwani palibe. Wa ku Blantyre amati ku Queens kapena ku Gulupu, chikwangwani chikuti Queen Elizabeth Central Hospital. Amati pa Poly, chonsecho kuyambira 2021 sukuluyo ndi MUBAS. Wa ku Lilongwe wachikulire amati ku Bottom, kunena chipatala cha Bwaila. Mlendo mupatseni dzina lolembedwa, ndipo lathu la pakamwa mumuuze ngati lowonjezera, kuti akauze kondakitala.

Wobwera ku Lilongwe muchenjezeni kuti manambala a ma Area sayenda motsatana. Asaganize kuti akafika Area 18 ndiye kuti Area 19, 20 mpaka 25 zandandalikana kutsogolo kwake. Mumuuzenso kuti Old Town ndi City Centre ndi malo awiri otalikirana, chifukwa mlendo akamva “City Centre” amayembekeza msika ndi mabasi, pomwe kumeneko n'kwa maofesi, kufupi ndi Capital Hill.

Ziganizo zikhale zifupizifupi, chilichonse ndi ntchito imodzi. “Go straight. Pass the filling station. Turn left at the mosque. The clinic is on your right.” Mawu oti “on your right” ndi ofunika, chifukwa mukayang'anizana naye, kumanja kwanu ndi kumanzere kwake, bwino mutembenuke muyang'ane kumene iye akupita. Kwa woyendetsa galimoto tchulani nambala ya msewu: M1 ndi umene umachoka ku Songwe kumpoto, kudutsa Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre mpaka ku Nsanje, M3 ndi wa Blantyre kupita ku Zomba, M12 ndi wa ku Mchinji, M14 ndi wa ku Salima. Wochoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota pa M5 mungamuuze kuti “The lake will be on your right.” Mawu ena omuthandiza ndi “tarred road” msewu watala, “dirt road” wafumbi, “speed humps” mahampu, “roadblock” ndi “toll gate”.

Ngati simukudziwa, nenani: “Sorry, I don't know. Please ask at that shop.” Mtima wosafuna kukhumudwitsa mlendo watumiza anthu ambiri kolakwika.

Poti pali Google Maps, n'kuvutikiranji ndi zonsezi?

Chifukwa batire imatha, bandulo imatha, ndipo m'makwalala a ku Mtandire kapena ku Mbayani mapu sadziwa kuti kanjira aka kanatsekedwa ndi mpanda. Komabe foniyo ndi mphunzitsi wabwino amene satopa kubwereza. Itsegulireni mawu pa njira imene mukuidziwa kale, monga yochoka kunyumba kupita kuntchito, muzimvetsera: “In 200 metres, turn left”, “Keep right”, “Make a U-turn”, “Your destination is on the left”. Poti njirayo mukuidziwa, tanthauzo limalowa lokha.

Chiganizo chimene chimavuta ambiri ndi “At the roundabout, take the second exit.” “Exit” apa ndi msewu uliwonse wotuluka pa raundabauti, ndipo mumawerenga kuyambira pamene mwalowera. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi UK magalimoto amayenda kumanzere, choncho pa raundabauti ya misewu inayi “first exit” ndi kukhotera kumanzere, “second exit” ndi kupitirira, “third exit” ndi kumanja. Musananyamuke ulendo wautali, sungani mapu a mzindawo m'foni kuti azitseguka popanda intaneti.

Chimbudzi ndichifunse bwanji?

“Excuse me, where is the toilet?” amamveka kulikonse, ndipo ku Britain ndi ku South Africa sachititsa manyazi. Ku America amakonda “restroom” kapena “bathroom”, ngakhale mulibe bafa. Angelezi pocheza amati “loo”. Pachitseko mudzaona “Gents” kwa abambo, “Ladies” kwa amayi, ndipo “Out of order” ndiye kuti chawonongeka.

Ndingayeserere bwanji ndili kunyumba, popanda wolankhula naye Chingerezi?

Tawuni yanu ndiyo buku. Mukamapita kumsika, dzifotokozereni njira chamumtima: apa “turn right”, apa “cross the bridge”, apa “go past the school”. Werengani chikwangwani chilichonse, “Entrance”, “No entry”, “Enquiries”, “Push”, “Pull”, chifukwa ndi zomwezo mukazipeze pabwalo la ndege la O.R. Tambo ku Joni kapena la Heathrow ku London, kuphatikizapo “Arrivals” kwa ofika ndi “Departures” kwa onyamuka.

Koma poti vuto lalikulu ndi kumva, mukufunika mnzanu. Jambulani mapu a dera lanu papepala, mwana wa sukulu akhale wolozera, inu muziyendetsa chala. Muuzeni alankhule mofulumira dala, inu muzimuimitsa ndi kubwereza zimene mwamva. Ngati muli ndi mbale kunja, mupempheni akutumizireni mawu pa WhatsApp ofotokoza njira yochoka pamene mudzatsikire basi kukafika kumene akukhala, m'Chingerezi chimene anthu a kumeneko amalankhula, ndipo muwamvetsere mpaka mutatha kuwanena nokha.

Ndikasocheratu, kapena pakagwa zadzidzidzi?

Lowani m'sitolo, pa garaji kapena pa polisi, osangozungulira pamsewu. “I'm lost. I'm trying to get to this address” n'kuonetsa pepala. Ngati basi yakupitirizani, uzani dalaivala kuti “I missed my stop.” Ngati mukuimbira wokulandirani, iye adzafunsa pamene muli, ndiye funsani munthu amene ali pafupi nanu kuti “What is this street called?” kapena “What is this place called?”, kapena mungomupatsa foniyo alankhulane.

Nambala ya zadzidzidzi ku UK ndi 999, ku America ndi 911. Ku South Africa polisi ndi 10111, ambulansi ndi 10177, ndipo pafoni ya m'manja 112 imagwira. Woyankha foniyo adzayamba ndi kufunsa kuti “Where are you?” kapena “What is your location?”, choncho tchulani dzina la msewu ndi chinthu chachikulu chimene mukuchiona: “I'm on Lilian Ngoyi Street, opposite the taxi rank.” Adiresi ya kumene mukupita ndi nambala ya wokulandirani zilembedwe papepala, zikhale m'thumba losiyana ndi la foni.